Pulasitiki wa M'chiuno mwa Amalume Akudyeka: Chimachititsa N'chiyani?

Pa holide ya mwezi wa Ogasiti ndinapita ku Misuku kukaona amalume anga. Amene munapitako mukudziwa: ukatsika pa Kapoka, msewu umangokwera, kukhota, kukweranso, mpaka makutu kutsekeka. Ndinawapeza akuyanika khofi. Titapatsana moni, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi envelopu yaikulu yakhaki. M'katimo munali zithunzi ziwiri za ekisire.

"Mphwanga, iwe paja umaphunzitsa sayansi," anatero. "Adokotala akuti pulasitiki wa m'chiuno mwangamu akutha. Nanga majumbo aja timamva kuti saola ngakhale patapita zaka zambirimbiri? Wangayu watha bwanji zaka 12 zokha?"

Ndinazikweza zithunzizo kudzuwa. Pa chithunzi chakale, chomwe anajambula atangowachita opaleshoni, kampira kachitsulo kanali pakatikati penipeni pa chikho chake. Pa chithunzi chatsopano, kampirako kanasunthira m'mwamba pang'ono, mwina milimita imodzi ndi theka. Pulasitiki saoneka pa ekisire, chimaoneka ndi chitsulo ndi fupa. Ndiye kampira kakaoneka kuti kachoka pakati, ndiye kuti pulasitiki wa mbali imeneyo wapyapyala.

Funso la amalume ndi labwino kuposa mafunso ambiri omwe ndimalemba pa bolodi. Lili ndi Chemistry, Physics, Biology ndi masamu omwe. Tiyeni tiliyankhe limodzi.

Chiuno chobadwa nacho ndi chiuno choikirira

Gwirani m'mbali mwa chiuno chanu n'kuzunguza mwendo. Fupa la ntchafu lili ndi mutu wobulungira ngati mpira, ndipo mutuwo umalowa m'chibowo cha fupa la chiuno chooneka ngati chikho. Zili ngati munsi mu mtondo, kungoti munsi wake sutuluka. Mpirawo ndi chikhocho n'zokutidwa ndi chicherewecherewe, chija choyera, choterera, chomwe mumachiona kumapeto kwa fupa la nkhuku. Pakati pake pamakhalanso timadzi tonanda tothandiza kuterera. Mu Physics mumaphunzira nambala yoyezera kukhulana kwa zinthu ziwiri. Ya tayala pa tala ili cha m'ma 0.7. Ya chicherewecherewe chabwinobwino ili cha m'ma 0.01 kapena kutsikirapo. Palibe makina opangidwa ndi munthu omwe amaterera chotere kwa zaka 70 popanda kuthira oyilo.

Koma chicherewecherewe chikawonongeka sichimeranso. Nyamakazi ya ukalamba imachidya. Nthawi zinanso magazi amasiya kufika kumutu kwa fupa la ntchafu, fupalo n'kufa n'kuphwanyika. Vuto limeneli madokotala amalitcha avascular necrosis, ndipo limatha kubwera chifukwa cha ngozi, mowa wambiri, mankhwala a steroid omwedwa nthawi yaitali, matenda a sickle cell kapena HIV. Amalume anagwa pa njinga yamoto fupa n'kuthyoka pakhosi pake, ndipo patapita zaka mutu wa fupawo unafa. Ankalephera ngakhale kuvala nsapato okha.

Pa opaleshoni, dokotala amadula mutu wowonongekawo. M'kati mwa fupa la ntchafu amalowetsa chitsulo chosachita dzimbiri chokhala ndi kampira kosalala ngati galasi. M'fupa la chiuno amaikamo chikho cha pulasitiki. Kawirikawiri zonsezi amazimata ndi simenti ya mafupa, yomwe si simenti yomangira nyumba ayi, koma ndi pulasitikinso wotchedwa PMMA, wa mtundu womwe madokotala a mano amapangira nkhama za mano oikirira.

Kodi kuno kwathu zimachitika?

Eya, zimachitika. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chomwe chinatsegulidwa mu 2002, chinkaikirira ziuno ndi mawondo kwa akuluakulu. Mu 2005 madokotala a mafupa anayambitsa kaundula wa dziko lonse wolembamo maopaleshoni oterewa, wotchedwa Malawi National Joint Registry, kuti azitsatira mmene odwala akupezera zaka zikamapita. Lipoti loyamba la kaundulayu, lomwe linatuluka mu 2009, linaonetsa chinthu chofunika pa nkhani yathuyi: odwala a ku Malawi anali ocheperapo zaka poyerekeza ndi a ku Ulaya. Avereji ya zaka zawo inali cha m'ma 50, ndipo vuto lomwe linkawabweretsa kwambiri linali lija la kufa kwa mutu wa fupa. Mu 2023 ku Lilongwe kunatsegulidwanso chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, pafupi ndi Kamuzu Central Hospital.

Tsono taganizani. Munthu wa zaka 75 wa ku London akaikidwa chiuno, amayenda pang'ono pamalo osalala, ndipo chiunocho chimamukwanira moyo wake wonse. Munthu wa zaka 45 wa ku Misuku, Nthalire kapena Kameme amafuna chiunocho chimutumikire zaka 30, akulima, akukwera mapiri, akusenza. Ndipo chikavuta, kuchoka pa Chitipa Boma kukafika ku Blantyre ndi mtunda woyandikira makilomita 1,000. Nkhani ya kudyeka kwa pulasitiki ndi yathu kuposa mmene ilili ya azungu.

Dokotala yemwe analakwitsa kokwana 300

Munthu amene anayambitsa chiuno choikirira cha masiku ano ndi John Charnley, dokotala wa ku England yemwe ankagwira ntchito pa chipatala cha Wrightington. Tsiku lina anakumana ndi wodwala yemwe anaikidwa mutu wa fupa wa pulasitiki wa acrylic, wa mtundu womwe abale awiri a banja la Judet anayambitsa ku Paris mu 1946. Chiuno cha bamboyo chinkalira kwiii! akamawerama, moti mkazi wake ankapewa kukhala naye chipinda chimodzi. Charnley anazindikira kuti kulirako ndi chizindikiro cha kukhulana kwakukulu, ndipo anayamba kufunafuna chinthu choterera kwambiri.

Anasankha PTFE, yomwe ambiri amaidziwa ndi dzina loti Teflon, ija imakutira mapani okazingira kuti mazira asamamatire. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anaika zikho za PTFE mwa odwala pafupifupi 300. Poyamba zinali ngati zozizwitsa: ululu unatha, anthu anayamba kuyenda. Koma pasanathe zaka ziwiri kapena zitatu, zikhozo zinadyeka, kampira kachitsulo kankaboola, ndipo tizidutswa ta PTFE tinatupitsa minofu n'kuwononga mafupa. Charnley anayenera kuwachitanso opaleshoni odwala akewo mmodzimmodzi. Phunziro loyamba ndi ili: chinthu choterera kwambiri sindicho chinthu cholimba kudyeka. Sopo amaterera, koma amatha msanga.

Mu 1962 kunafika munthu wamalonda pa Wrightington akugulitsa magiya a pulasitiki wina wa ku Germany, yemwe ankagwiritsidwa ntchito m'makina oluka nsalu. Charnley atamuona anamukanda ndi chikhadabo, chikhadabocho n'kusiya mzere, ndipo anati n'kutaya nthawi. Koma womuthandiza pa zamakina, Harry Craven, sanamvere. Bwana wake atapita ku msonkhano ku Copenhagen, Craven anaika pulasitikiyo pa makina oyesera kudyeka. Makinawo anayenda usana ndi usiku kwa masabata atatu, ndipo pulasitikiyo anali asanadyeke ngati mmene PTFE inkadyekera tsiku limodzi lokha.

Charnley, atapsa kale ndi PTFE, anafuna kudzionera yekha mmene thupi limalandirira pulasitiki watsopanoyo. Anadzilowetsa yekha pansi pa khungu la ntchafu yake tizidutswa ta mapulasitiki awiriwo n'kudikira miyezi. Pomwe panali PTFE panatupa, pomwe panali pulasitiki watsopanoyo panalibe vuto. Mu Novembala 1962 anaika chikho choyamba cha pulasitiki ameneyu mwa wodwala. Dzina lake ndi UHMWPE, ndipo mpaka lero ndi amene ali m'ziuno ndi m'mawondo oikirira a anthu mamiliyoni ambiri, kuphatikizapo amalume anga.

M'bale wake wa jumbo

Apa a Fomu 4 tcherani khutu, chifukwa izi zimabwera pa MSCE. Zilembo ziwiri zomalizazo, PE, zikuimira polyethylene, kapena kuti polythene, yemwe Eric Fawcett ndi Reginald Gibson anamutulukira mwangozi ku kampani ya ICI ku England mu 1933. Amapangidwa kuchokera ku ethene, C₂H₄. Bondi ya pawiri ya pakati pa makaboni awiri imamasuka, mamolekyu n'kugwirana manja, uyu kugwira uyu, uyo kugwira winayo, mpaka kupanga tcheni lalitali. Imeneyi ndi addition polymerisation ija.

Ndiye amalume sanalakwitse kwenikweni: jumbo, chigubu cha madzi ndi chikho cha m'chiuno mwawo zonse ndi polyethylene. Kusiyana kwagona pa kutalika kwa matcheni. Kachigawo kamodzi ka ethene kali ndi relative mass ya 28. Molekyu imodzi ya UHMWPE ili ndi mass ya pakati pa 3 miliyoni ndi 6 miliyoni. Gawani 6,000,000 ndi 28, mupeza tizigawo toposa 200,000 pa tcheni limodzi. Matcheni a m'chigubu ndi aafupi kuposa pamenepa kakhumi kapena kuposerapo.

Kutalikako kumathandiza chiyani? Munayesapo kusolola mtsitsi umodzi pa mulu wa kholowa mukakumba mbatata? Ngati mitsitsiyo ndi yaitali, yapiringizana, mumakoka mulu wonse. Koma mukaiduladula ndi chikwanje, kachidutswa kalikonse kamasololoka mosavuta. Matcheni aatali a UHMWPE ndi opiringizana chimodzimodzi, ndiye kampira kachitsulo kakamapekesa, sikathothola mamolekyu mosavuta.

Tsono yankho loyamba kwa amalume ndi lakuti: kuola ndi kudyeka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuola ndi pamene tizilombo tikudya chinthu n'kuchisandutsa zinthu zina. Polyethylene tizilombo sitimudya, n'chifukwa chake jumbo imakhala m'dothi zaka zambiri. Kudyeka ndi pamene chinthu chikuperepeseka chifukwa chokhulana ndi chinzake. Mtondo wa agogo suola, koma taonani mmene munsi waukumbira pansi pake.

Njira zinayi zomwe chikho chimadyekera

Yoyamba ndi ya kumatirira. Ngakhale chinthu chioneke chosalala bwanji, pa maikulosikopu chimakhala ndi timapiri ndi tizigwa. Munthu akaponda, timapiri ta pulasitiki timamatira kwakanthawi ku chitsulo, ndipo mwendo ukasuntha, timakokeka ngati ulusi n'kuduka. Tizidutswa tambiri ta m'chiuno timachokera pamenepa.

Yachiwiri ndi ya kukanda. Kampira kachitsulo kakakhala ndi kamzere kamodzi kokha kokandika, m'mphepete mwa kamzereko mumatukuka, ndipo kampirako kamasanduka tupa. Sitepe iliyonse kamapala pulasitiki.

Yachitatu ndi ya mlendo wolowerera. Amene muli ndi njinga mukudziwa zomwe mchenga umachita ukalowa mu tcheni nthawi ya dzinja. M'chiuno, "mchenga" wake umakhala kachibenthu ka simenti ya mafupa, ka fupa kapena ka chitsulo. Kakalowa pakati pa kampira ndi chikho, kamatitimira mu pulasitiki n'kumakanda chitsulo, chitsulo chokandikacho n'kumapala pulasitiki.

Yachinayi ndi ya kutopa. Tengani waya n'kumaupinda uku ndi uku. Kupinda kamodzi sauthyoka, koma mukapinda kambirimbiri umaduka. Pulasitiki akamapanikizidwa n'kumasulidwa mamiliyoni a maulendo, pansi pa khungu lake pamayamba timing'alu, kenako pamwamba pake pamasendeka ngati khungwa la bulugamu. Izi zimachitika kwambiri m'mawondo oikirira, chifukwa m'bondo kulemera konse kumatsikira pa kamalo kakang'ono komwe kamasunthasuntha.

Ndipo kulemerako si kwamasewera. Madokotala a ku Berlin anaika timakina toyezera mphamvu m'kati mwa ziuno zoikirira za odwala ena, ndipo anapeza kuti poyenda wamba, chiuno chimalandira mphamvu yokwana pafupifupi kawiri ndi theka kulemera kwa thupi. Munthu akapunthwa, imatha kufika kasanu ndi katatu. Chifukwa chake n'chakuti ukaima ndi mwendo umodzi, minofu ya m'thako imakoka mwamphamvu kuti usagwere kumbali, ndipo kukokako kumapanikiza kampira m'chikho. Amalume amalemera makilogalamu 60, ndiye poyenda chiuno chawo chimamva ngati 150. Akasenza makilogalamu 20 a khofi, chimamva ngati 200.

Tulutsani makope, tiwerengere

Chikho cha UHMWPE wakale chimadyeka pafupifupi milimita 0.1 pa chaka. Kumeneko n'kupyapyala ngati pepala limodzi la kope lanulo. Zikumveka ngati palibe chodetsa nkhawa, eti? Tiyeni tione.

Kampira ka Charnley kanali ka mamilimita 22 m'mimba mwake, ndiye radius yake ndi 11. Kampirako kamakumba njira yake mu pulasitiki ngati silinda. Voliyumu ya silinda ndi πr²h. Ndiye 3.14 × 11 × 11 × 0.1 ikutipatsa pafupifupi 38 mm³ pa chaka. Kameneka n'kochepa kuposa dontho limodzi la madzi.

Koma tizidutswa tomwe timachokapo n'tating'ono zedi, tambiri sitifika maikulomita imodzi, ndipo maikulomita 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi. Tingoyerekeza kuti kalikonse ndi kabokosi ka mbali za mamilimita 0.0005. Voliyumu yake ndi 0.0005 × 0.0005 × 0.0005, yomwe ndi 1.25 × 10⁻¹⁰ mm³. Gawani 38 ndi nambala imeneyi. Mupeza tizidutswa pafupifupi 300 biliyoni pa chaka. Akatswiri poyesa ziuno pa makina amawerengera kuti mwendo umodzi umaponda ka 1 miliyoni pa chaka. Ndiye sitepe iliyonse ikutulutsa tizidutswa pafupifupi 300,000. Mlimi wa m'mapiri amaponda koposa pamenepo.

Yesani nokha masamu omwewa ndi kampira ka mamilimita 32. Mupeza kuti pa kudyeka komweko kwa milimita 0.1, voliyumu ikuposa kawiri. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe kampira kakang'ono ka Charnley kanathandizira, ngakhale kampira kakang'ono kamaguluka mosavuta kuposa kakakulu. Mu uinjiniya, ukapindula kuno umataya uko.

Thupi likakwiya, fupa ndilo limalipira

Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri chiuno choikirira sichilephera chifukwa choti chikho chabooka. Chikho chimakhala chochindikala mamilimita angapo, chingathe kupirira zaka zambiri. Vuto ndi fumbi lija.

M'thupi mwathu muli maselo achitetezo otchedwa macrophage, omwe ntchito yawo ndi kumeza mabakiteriya ndi zinyalala. Bakiteriya ambiri ndi a msinkhu wa maikulomita imodzi kapena ziwiri. Mwaona pomwe pali tsoka? Tizidutswa ta pulasitiki tili pa msinkhu womwewo. Macrophage amatimeza poyesa kuti ndi adani, n'kutithira ma enzyme kuti atigaye. Koma paja tanena kuti polyethylene sagayika. Seloyo imalimbana, imalephera, ndipo imatulutsa makemikolo oitanira anzake, monga TNF-alpha. Anzakewo akafika nawonso amameza, amalephera, amaitananso ena. Nkhondo yake siitha, chifukwa sitepe iliyonse ikubweretsa adani atsopano.

Tsono fupa si mwala. Ndi chinthu chamoyo chomwe chimagumulidwa ndi kumangidwanso nthawi zonse. Maselo otchedwa osteoclast amagumula, otchedwa osteoblast amamanga, ndipo mwa munthu wathanzi magulu awiriwa amayendera limodzi. Makemikolo a macrophage okwiya aja amadzutsa ogumula ambiri kuposa omanga. Fupa lozungulira chitsulo ndi chikho limayamba kusungunuka, n'kusiya mphako, ngati mmene chiswe chimadyera nsichi m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Dzina lake ndi osteolysis. Mapeto ake chitsulo chimayamba kugwedera ngati mpini wa khasu wokhwepa, popanda mafinya kapena tizilombo.

Kwa zaka zambiri madokotala ankaloza chala simenti, mpaka vutoli ankalitcha matenda a simenti. Atayamba kuika ziuno zopanda simenti, mphako zija zinaonekabe. Apa m'pamene anatsimikiza kuti wolakwa wamkulu ndi fumbi la polyethylene. Anapezanso kuti chikho chikamadyeka mopitirira milimita 0.1 pa chaka, osteolysis imachuluka, koma chikamadyeka mosafika 0.05 siioneka kawirikawiri.

Choopsa chake n'chakuti fupa likamasungunuka chotere, poyamba silipweteka. Munthu amangomva bwinobwino mpaka zinthu zitafika patali.

Mdani wachiwiri: okosijeni

Munaonapo beseni la pulasitiki lomwe lakhalitsa padzuwa? Limafwifwa, limauma, ndipo tsiku lina ukalinyamula limangoti phwa! m'manja. Kuwala kwa dzuwa kwa UV kumadula mabondi m'matcheni n'kusiya ma free radical, omwe ndi maatomu okhala ndi elekitironi yopanda mnzake. Okosijeni wa mumpweya amagwira pamenepo, tcheni n'kuduka, ndipo kudukako kumabala ma radical ena. Matcheni aatali amasanduka aafupi. Kholowa uja waduliridwa ndi chikwanje.

M'chiuno mulibe dzuwa, ndiye ma radical amachokera kuti? Chikho chisanalowe m'thupi chiyenera kuphedwa tizilombo tonse. Kuchiwiritsa sikungatheke, chingapindike. Ndiye kwa zaka zambiri makampani ankachiwomba ndi cheza cha gamma chili m'paketi yokhala ndi mpweya wamba. Chezacho chinkapha tizilombo ndithu, koma chinkasiyanso ma free radical m'kati mwa pulasitiki. Chikho chikakhala pa shelefu zaka zingapo, okosijeni ankalowa pang'onopang'ono, ndipo chinkafika kwa wodwala chitayamba kale kukalamba. Akatswiri akadula zikho zotere ankapeza mzere woyera, wofumbutuka, pansi pang'ono pa khungu lake. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 makampani anasiya njira imeneyi n'kuyamba kuwomba zikho m'mapaketi opanda okosijeni, kapena kupha tizilombo ndi gasi.

Mmene akatswiri anakonzera

Apa pali nkhani yosangalatsa: cheza chomwe chinkawononga chija ndi chomwenso chinabweretsa mankhwala. Ngati palibe okosijeni, ma radical a matcheni awiri oyandikana amagwirana okhaokha n'kupanga mlatho. Taganizani za bango. Bango lomwazika mutha kusolola limodzilimodzi. Koma likasokedwa ndi chingwe chopingasa n'kukhala mphasa, simungasolole limodzi popanda kung'amba. Milatho imeneyi imatchedwa cross-link.

Kuyambira cha mu 1998, zikho zambiri zimawombedwa dala ndi cheza chochuluka, kenako n'kutenthedwa kuti ma radical otsala apeze anzawo n'kutha. Pulasitiki wotereyu amadyeka pang'ono kwambiri, nthawi zambiri osafika ndi theka lomwe la mmene wakale ankadyekera, ndipo osteolysis yachepa kwambiri mwa anthu omwe anamulandira. Koma paja ukapindula kuno umataya uko: milatho ikachuluka, ndiponso pulasitiki akasungunulidwa, amachepa mphamvu yopirira ming'alu. Ndiye cha mu 2007 kunabwera njira ina, yothira vitamini E mu pulasitikimo. Inde, vitamini E yemweyo wa mu mtedza ndi mpendadzuwa. Iye amapereka atomu ya haidirojeni kwa radical aliyense n'kumuziziritsa okosijeni asanafike.

Ena anasintha kampira m'malo mwa chikho. Kampira ka ceramic, komwe Pierre Boutin anayamba kugwiritsa ntchito ku France mu 1970, n'kolimba kuposa chitsulo ndipo sikakandika msanga. Ena anayesa kuchotseratu pulasitiki kuti chitsulo chizikhulana ndi chitsulo, koma fumbi la cobalt ndi chromium linawononga minofu ya odwala ambiri, ndipo mtundu wina wotchuka wotchedwa ASR unachotsedwa pa msika mu 2010.

Nanga chiuno choikirira chimakhala zaka zingati? Kafukufuku wamkulu yemwe anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2019 anapeza kuti pa ziuno 100 zilizonse, pafupifupi 89 zinali zikugwirabe ntchito patatha zaka 15, ndipo 58 patatha zaka 25. Zambiri mwa ziuno zimenezo zinali za pulasitiki wakale uja.

Tibwerere ku Misuku

Ndinawafotokozera amalume zonsezi titakhala pakhonde, ndikujambula mtondo ndi munsi pa dothi. Titagawa milimita imodzi ndi theka ndi zaka 12, tinapeza 0.125 pa chaka. Mbali ina ya nambala imeneyi si kudyeka kwenikweni, chifukwa chaka choyamba pulasitiki amangobonyera pang'ono kampira kakamakhazikika. Komabe ili m'malire momwe madokotala amayamba kuyang'anitsitsa. Pa chithunzi chatsopano chija, pamwamba pa chikho, panali kamthunzi kakuda kangati njere ya nyemba. Adokotala anali atakazunguliza ndi cholembera.

"Ndiye ndingogona, ndisamayende?" anafunsa.

Ndinawauza kuti ayi. Fupa losagwira ntchito limafooka, minofu nayo imalobodoka, ndipo munthu wofooka minofu ndi amene amapunthwa. Zomwe adokotala anawauza n'zomwe sayansi ikunena: aziyenda, koma asiye kusenza katundu wolemera, makamaka potsetsereka, azigwira ndodo ku dzanja la mbali yomwe ili bwino, chifukwa imachepetsa kukoka kwa minofu ya m'thako, ndipo azikajambulitsa ekisire chaka chilichonse ngakhale asakumva ululu. Kusintha chiuno fupa likadalipo lokwanira ndi opaleshoni yotheka. Kudikira mpaka fupa litasungunuka ndi opaleshoni yaikulu, yodula, yofuna zipangizo zomwe sizipezeka wamba.

Chovuta kwa amalume si masamu ayi. Ndi khofi. Nyengo yothyola ikafika, zipatso zimayenera kufika kopukusira tsiku lomwelo, ndipo munda wawo uli kumtunda. Kulemba waganyu wosenza ndi ndalama, ulendo wa ku ekisire ndi ndalamanso. Tinakambirana mpaka mdima, ndipo tinagwirizana kuti ana a achemwali anga azisenza Loweruka ndi pa holide, masiku enawo alembe mnyamata, ine ndizilipira thiransipoti ya kuchipatala. Anavomera, koma monyinyirika. Ndodo ndiye anaikaniratu, akuti sanakalambe. Pobwerera ndinawasiyira yanga yomwe ndinakwerera phiri, ndipo amayi akunyumba kwawo anandiuza pa foni kuti masiku ena amaitenga.

Ntchito yanu sabata ino ndi iyi. Pezani zinthu zitatu zapulasitiki pakhomo panu zomwe zawonongeka: patapata wodyeka chidendene, beseni losweka, chivindikiro cha chigubu chothyoka pokhotera, chilichonse. Pa chilichonse lembani ngati chawonongeka ndi kukhulana, kutopa kapena okosijeni ndi dzuwa, ndipo perekani umboni womwe mwauona ndi maso. Kenako werengerani tizidutswa ta kampira ka mamilimita 32 kaja. Amene mupeze yankho, kawonetseni aphunzitsi anu a Physics kuti aone ngati mayunitsi mwawasunga bwino, chifukwa ambiri mumagwera pamenepo.